Musangogawa mapadi n'kubwerera: kalata kwa akuluakulu a maphunziro, zaumoyo ndi mzinda wa Blantyre

Kwa Olemekezeka a Nduna ya Zamaphunziro, a Nduna ya Zaumoyo, a Meya ndi makhansala a mzinda wa Blantyre, mafumu athu, ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti,

Zikomo akuluakulu, ndaima pabwalo panu ndi nkhani ya msambo. Ndine mayi wa ku Ndirande, ndimadya za utelala, ndipo ndili m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pa sukulu ina ya pulayimale kuno, lija anthu amangoti mother group. Ndikudziwa kuti ambiri mwa inu ndinu abambo, ndipo munaleredwa kuti nkhaniyi ikayambika muzidzuka n'kupita panja. Lero khalani pansi. Ndalama zogulira zinthu za atsikanawa, mabuku omwe amaphunzira ndi zimbudzi zomwe amalowa, zonse zimadutsa pa madesiki anu.

Pempho langa ndi ili. Nthawi iliyonse mukakonza zogula mapadi ochapa kapena makapu a msambo (timakapu tofewa tolowetsa m'thupi kuti tizilandira magazi) kuti mugawire atsikana, gawo lina la ndalamazo lizipita ku kuphunzitsa amayi awo, azakhali awo ndi anankungwi, ndipo lina lizipita ku madzi, sopo ndi chitseko cha chimbudzi. Popanda zimenezo, katunduyo amakathera pansi pa sutikesi, akadali m'pepala lake.

Pothokoza ndithokoze. Mu Febuluwale 2022 a Sosten Gwengwe, omwe anali Nduna ya Zachuma nthawiyo, analengeza m'Nyumba ya Malamulo kuti boma lachotsa msonkho pa mapadi, ndipo izi zinayamba kugwira ntchito pa 1 Epulo. Tinaomba m'manja. Koma mu Meyi chaka chomwecho kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, kenako mu Novembala 2023 ndi 44 peresenti. Mapadi ambiri otaya ndi ochokera kunja, ndiye zomwe msonkho unasiya, kugwa kwa kwacha kunatola. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Ndirande amene ali ndi ana aakazi atatu otha msinkhu amafunika mapaketi anayi kapena kuposa mwezi uliwonse, kuwerengera ndi iye mwini, ndipo mwezi sudikira kuti malonda ayende.

N'chifukwa chake zogwiritsa ntchito mobwereza zili ndi nzeru. Mapadi ochapa osokedwa bwino amatha chaka kapena kupitirira, kapu imatha zaka. Palinso nkhani ya zinyalala, yomwe a khonsolo mukuidziwa kuposa ine. Padi yotaya ili ndi pulasitiki yosaola. Ikaponyedwa m'chimbudzi chokumba imachidzazitsa msanga, pomwe pa puloti za kuno malo okumba china anatha kale. Ikaponyedwa m'chimbudzi cha madzi imatseka paipi. Zina zimakafika ku mtaya wa ku Mzedi, zina mvula imazikokolola mpaka mu mtsinje wa Mudi. Pa zonsezi sindikutsutsana ndi aliyense. Pomwe tikusiyana ndi pa zomwe zimachitika galimoto yogawa ikachoka.

Kuchapa si nkhani yachilendo kwa mkazi wa ku Malawi. Agogo athu anakulira nyanda, ife tinakulira zidutswa za chitenje chakutha, ndipo mpaka lero m'nyumba zambiri ndi momwemo. Padi yochapa ndi nyanda yomweyo yosokedwa bwino, yokhala ndi mapiko omangira pa panti ndi nsalu yosalowa madzi pansi pake. Vuto ndi lakuti lamulo lomwe linkayenda ndi nyanda lasamukira ku padi. Mtsikana akatha msinkhu amalangizidwa kuti nyanda yake asaione munthu, makamaka mwamuna, ngakhale mlongo wake kapena bambo ake omubereka. Amauzidwanso kuti mfiti ikaitola idzamutseka mimba, sadzanyamula mwana. Mwana wa zaka 12 amene wamva zimenezi kwa azakhali ake, m'chipinda chotseka, ali chogwada, sangaziiwale chifukwa cha mlendo wovala tisheti amene walankhula kamphindi pa asembule.

Ndikuuzeni ngati wosoka. Padi yabwino imakhala ndi nsalu yofewa pamwamba, thawulo kapena nsalu ina yomwa madzi yosanjikiza kawiri kapena katatu pakati, ndi ija yosalowa madzi pansi. Kukhuthala kumeneko ndiko kumagwira magazi, komanso ndiko kumaichedwetsa kuuma. Imafuna kuviikidwa m'madzi ozizira, chifukwa otentha amakhwimitsa magazi mu ulusi, kenako kuchapidwa ndi sopo, kutsukuluzidwa mpaka madzi ayere, n'kuyanikidwa padzuwa pomwe mphepo ikudutsa. Tsopano taganizani mdadada wa nyumba za lendi ku Mbayani kapena ku Bangwe: mabanja angapo chingwe chimodzi, anyamata a alandilodi akusewera bawo pakhonde tsiku lonse. Mtsikana amachapa usiku m'bafa, mothamanga, ndi timadzi ta m'kachigubu, n'kukaiyala pansi pa matiresi kapena kuikoloweka pa msomali kuseri kwa chitseko, pamwamba n'kuphimba ndi diresi. Mu Juni ndi Julayi chiperoni chikatsika, ngakhale bulangete loyanikidwa poyera limatha masiku lisanaume. Nanga kansalu ka pansi pa matiresi?

Mmawa amaivala yachinyezi. Pakapita masiku kuyabwa kumayamba, ntchafu zimasupuka, kafungo kamamveka, ndipo amanong'oneza anzake kuti mapadi ogawa aja ndi oyambitsa matenda. Sabata isanathe kalasi yonse yamva. Padi ilibe mlandu, mwananso alibe mlandu, wangomvera zomwe analangizidwa.

Apa ndipo timalakwitsa: timadumpha eni nkhani. Anankungwi, azakhali ndi alangizi a kumpingo ndiwo akhala akuphunzitsa za msambo kuyambira kalekale, sukulu ili chete, chipatala chili kutali. Ophunzira ena amawatchula kuti ndi chopinga, n'kumawanyoza m'misonkhano ya m'mahotela komwe eniakewo sanaitanidwe. Komatu mtsikana amagona m'nyumba ya amayi ake, ndipo chingwe choyanikapo zovala chili ndi eni ake. Sindikunena kuti mulimbane ndi mwambo uliwonse. Zoti wosamba asathire mchere m'ndiwo kuopa mdulo, ine ndilibe nazo mkangano waukulu. Mng'ono wake amathira, ndiwo zimakoma, palibe wavulala. (Chongoseketsa n'chakuti chinsinsi chobisidwa molimba chonchi, nyumba yonse imachidziwa pomwe kamwana kaitanidwa kukhitchini kuti kadzathire mchere.) Koma lamulo loumitsa nsalu mumdima likudwalitsa ana, ndipo limenelo ndilo lofunika kukhalirana pansi.

Kukhalirana pansi kwake si kukawauza kuti ufiti kulibe. Mukayamba choncho, msonkhano wathera pomwepo, angokuyang'anani mwaulemu n'kudikira fanta. Ife kuno tinaona kuti zimayenda mukafunsa nankungwi kuti: amayi, mwanayu timuteteze bwanji ku maso a anthu komanso ku zilonda? Mayankho amachokera kwa iwo omwe. Padiyo iyanikidwe pa chingwe, pamwamba pake paponyedwe kansalu kopyapyala kuti odutsa aone ngati mpango, koma kutentha kwa dzuwa ndi mphepo zizilowa ndithu. Kapena kuseri kwa bafa kumangidwe kachingwe ka akazi okhaokha. Kapena, nyengo ya mitambo, isitidwe ndi simbi mbali ya nsalu yofewa. Nankungwi akanena yekha zimenezi pa chilangizo, limasanduka lamulo, ndipo palibe azakhali angalitsutse. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, ndiye moto uwu tipite nawo kwa iwo. A Mvano, a Dorika, amayi a Chikatolika ndi amayi a kumzikiti ali kale ndi masiku awo okumana ndi amayi awo olangiza anamwali. Namwino kapena mlangizi wa zaumoyo atapatsidwa thiransipoti ndi tsiku limodzi pamwezi lokakhala nawo, angafike kumene poster ya pakhoma singafike. Mafumu athu, anankungwi amamvera inu. Aitaneni, ndipo muwapatse mpando wa kutsogolo.

Nkhani ya kapu ya msambo ndi yolimba koposa, chifukwa iyo imalowa m'thupi. Kwa amene simunaione: ndi kakapu kofewa ka silikoni wa kuchipatala, kotalika pafupifupi masentimita 5, kokhala ndi kamchira pansi. Amakapinda n'kukalowetsa ku njira ya amayi. Kakafika mkati kamatambasuka n'kugwira m'mbali, magazi n'kumasonkhana m'menemo m'malo momwedwa ndi nsalu. Kamatha kukhala mpaka maola 12 kutengera kuchuluka kwa magazi. Pochotsa amatsina pansi pake kuti mpweya ulowe, n'kukhuthula m'chimbudzi, kutsuka, kubwezera. Msambo ukatha amakawiritsa mphindi zisanu kapena khumi n'kukasunga m'kathumba ka nsalu. Kamodzi kamatha kufika zaka 10. Madzi kamafuna ochepa kwambiri poyerekeza ndi padi yochapa, ndipo palibe choyanika, chomwe kwa wa nyumba ya lendi si chinthu chaching'ono.

Mafunso omwe amayi amafunsa si opusa, ndipo ayankhidwe limodzilimodzi. Sikangasowere m'mimba? Ayi, khomo la chiberekero ndi kabowo kakang'ono zedi, kapu singadutsepo. Sikakulitsa njira, mwamuna n'kudzadandaula? Ayi, minofu ya pamenepo imatambasuka n'kubwerera, ndi njira yomweyo imene mwana amadutsa pobadwa. Si kulera kobisa kuti ana athu asadzabereke? Ayi, mulibe mankhwala aliwonse. Funso lalikulu ndi la unamwali, ndipo apa chonde musaname. Kachikopa kopyapyala ka pakhomo kamatha kutambasuka kapena kung'ambika polowetsa kapu, monga kamachitiranso ndi masewera ena, ndipo atsikana ena amabadwa kali kochepa kale. Izi sizitanthauza kuti mwana wadziwa mwamuna. Koma kholo liyenera kumva zimenezi kwa inu lisanavomere. Mukangoti "palibe vuto" ilo n'kudzamva kwina, dera lonse silidzakukhulupiriraninso, ngakhale pa katemera. Nenaninso kuti m'manja muzisambidwa ndi sopo polowetsa ndi pochotsa, kuti amene anaikidwa lupu ayambe wafunsa namwino, ndi kuti kuisiya mkati kupitirira nthawi yake kungabweretse matenda oopsa, ngakhale sachitikachitika.

Mu 2019 magazini ya zaumoyo ya The Lancet Public Health inasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku 43 wochokera m'maiko osiyanasiyana, wokhudza akazi oposa 3,000. Inapeza kuti kapu ndi yosaopsa, sidontha kuposa mapadi, ndipo pafupifupi akazi 7 mwa 10 alionse omwe anafunsidwa anafuna kupitiriza nayo. Koma inanenanso chomwe ogawa amachidumpha: munthu amafunika miyezi ingapo kuti azolowere, ndipo amafuna womuphunzitsa ndi anzake omulimbikitsa. Mwezi woyamba zimavuta, kapu imakana kutambasuka, mtima umagunda pochotsa. Ngati pamenepo palibe woti amufunse, mwana amaibweza m'kathumba basi. Ndipo kodi aiwiritsira m'chiyani? Palibe mayi wa ku Chilomoni kapena ku Zingwangwa amene angalole kuti ilowe m'poto wa ndiwo. Ngati simupereka kachitini kake pamodzi ndi kapuyo, n'kumuuza mayi wa pa nyumbapo chifukwa chake mwana akupempha mbaula makala asanazime, kapuyo sidzawiritsidwa.

Kwa ine, makapu yambani ndi akuluakulu: aphunzitsi aakazi, anamwino, amayi a mumsika wa Limbe amene amakhala pa benchi kuyambira mbandakucha pomwe chimbudzi n'cholipira. Mayi amene wakhala nayo chaka chathunthu ndiye adzakupempheni yekha ina ya mwana wake, ndipo adzamuphunzitsa bwino kuposa wina aliyense. Mtsikana amene sakufuna asakakamizidwe, ndi thupi lake.

A Nduna ya Zamaphunziro, phunziro la Life Skills lilipo m'sukulu zathu, ndipo za kutha msinkhu zilimo. Koma zolembedwa m'buku ndi zolankhulidwa m'kalasi n'zosiyana. Ndaonapo mphunzitsi wamwamuna akufika pa tsamba limenelo n'kunena kuti "izi mukawerenge nokha kunyumba". Sindimuda, nayenso analeredwa motero. Okonza maphunziro ku Domasi ndi osula aphunzitsi m'makoleji, kuphatikizapo ya kuno ku Blantyre, aike padi yeniyeni ndi kapu yeniyeni m'manja mwa aliyense wophunzira uphunzitsi, wamwamuna ndi wamkazi yemwe, ayeserere kufotokoza pamaso pa anzake mpaka manyazi atathe. Phunzirolo lifikenso msanga. Ana ena akuyamba kusamba ali ndi zaka 10 kapena 11, ndipo amamva za msambo ataona kale magazi, atalira kale m'chimbudzi poganiza kuti avulala kapena alodzedwa. Anyamata asamatulutsidwe m'kalasi nkhaniyi ikafika. Chomwe chimabweza mtsikana kunyumba si kupweteka kwa m'mimba kokha ayi. Ndi banga pa yunifomu ndi kuwowoza kwa anyamata kumbuyo. Amamanga juzi m'chiuno, kudikira onse atuluke, n'kusowa masiku atatu. Mnyamata wowowozayo ndiye mawa adzakhale bambo wouzidwa kuti pa ndalama ya ndiwo awonjezerepo ya sopo, ndiye aphunzire lero kuti sopoyo ndi wa chiyani.

Kuyambira 1994 pomwe pulayimale inakhala yaulere, ana anachuluka m'sukulu kuposa momwe zimbudzi zinachulukira. Pa sukulu yomwe ndimathandiza, mtsikana akalowa m'chimbudzi mnzake amaima pakhomo atatambasula chitenje, chifukwa chitseko chinachoka. Padi yochapa ikadzaza masana, mwana ayenera kuivula, kuipinda, kuiika m'kathumba n'kuvala ina. Akufunika kachipinda kotsekeka mkati, ndowa ya madzi, sopo, ndi msomali wokolowekapo chikwama kuti chisagwere ponyowa. Mtengo wa zimenezi sufika pa mtengo wa tenti ya tsiku limodzi la mwambo. Madzi ambiri a mzinda uno amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, kukwera chitunda mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndiye magetsi akavuta kapena paipi ikaphulika madera okwera amauma. Sukulu iliyonse ikhale ndi thanki, ndi ngalande za pa denga zokolola madzi a mvula. Kolera wa 2022 mpaka 2023, amene anachedwetsa kutsegulira sukulu mu Blantyre ndi Lilongwe mu Januwale 2023, anationetsa kuti ndowa ndi sopo zimatheka kupezeka pa sukulu akuluakulu akafuna. Zisamachoke mliri ukatha, poti msambo sutha.

Musatengekenso mpaka kunyoza mapadi otaya. Namondwe wa Freddy atagwetsa matope a phiri la Soche pa Chilobwe mu Malichi 2023, anthu anagona m'makalasi, amuna ndi akazi moyandikana, mvula osaleka. Pamalo otero padi yochapa uiyanika pati? Pamenepo yotaya ndiyo yoyenera, pamodzi ndi potayira pake. Chimodzimodzi mtsikana wolumala manja, kapena wolemba mayeso sabata yomwe mpopi sunatuluke dontho. Mu ofesi ya aphunzitsi aakazi muzikhala katoni ya otaya a mwadzidzidzi nthawi zonse.

Mawu awiri pa ife osoka. Ndaonapo mapadi osokedwa ndi nayiloni wa pa kaunjika wosamwa madzi, ena a nsalu yosuluka utoto, ena msoko wake wokhakhala wocheka ntchafu. Padi imodzi yoipa imaipitsa mbiri ya tonse. A Malawi Bureau of Standards, omwe likulu lawo lili mumzinda muno, atiuze m'Chichewa chomveka kuti padi yovomerezeka ikhale yotani, ndipo atiyezere pa mtengo womwe gulu la amayi lingakwanitse. A TEVETA, oyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, aike kasokedwe kake m'maphunziro a utelala. A zachuma aone ngati chifundo cha 2022 chija chikufikanso pa nsalu yosalowa madzi ndi mabatani, zomwe timagula zochokera kunja. Ndipo mukamagula zogawa, gulani kwa osoka a dera lomwelo, kuti batani likathothoka mwana adziwe khomo lokakonzetsa. Inde, ndikudziyankhulira pamenepa, koma n'zoona.

Pa 28 Meyi chaka chilichonse, kuyambira 2014, maiko amakumbukira tsiku la ukhondo wa msambo. Kuno timaguba, timavina, mlendo wolemekezeka amalankhula, makatoni amaperekedwa kamera ili pomwepo, ndipo malipoti amanena kuchuluka kwa zomwe zagawidwa. Chiwerengero chomwe ndikupempha ndi china: pakatha miyezi isanu ndi umodzi, ndi atsikana angati akuzigwiritsabe ntchito, ndipo omwe anasiya anasiyiranji. Tili ndi Kamuzu University of Health Sciences mumzinda momwemuno. Ophunzira ake angathe kuyenda m'sukulu kukafunsa, ndipo ife a magulu a amayi tingawaperekeze, chifukwa ana amatiuza zomwe sangauze mlendo. Bungwe lililonse lopempha chilolezo chogawa m'sukulu za mzinda uno liyambe laonetsa tsiku lomwe lidzakumane ndi makolo ndi anankungwi, dzina la namwino kapena mphunzitsi amene ana adzamufunse mwezi wachiwiri, ndi tsiku lomwe lidzabwerenso kudzawerenga. Lopanda zimenezi musalisainire.

Ndatha ine wanu,
Mayi wosoka wa m'gulu la amayi a pasukulu,
Ndirande, Blantyre